Mtunda wa mu Johannesburg ndi Amene Amaulipira

Mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi ambiri amangoutchula kuti Joni, unayesapo pafupifupi njira iliyonse yonyamulira anthu imene mizinda ikuluikulu imagwiritsa ntchito. Unakhalapo ndi mathiramu, omwe ndi ngolo zoyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu momwe mumadutsanso magalimoto, unakhalaponso ndi mabasi okoka mphamvu ku mawaya a magetsi olendewera pamwamba pa msewu, ndipo lero uli ndi sitima zapamtunda za mitundu iwiri, mabasi a khonsolo, mabasi a makampani olandira thandizo la boma, mabasi oyenda m'kanjira kawokawo, ndiponso maminibasi osawerengeka amene kumeneko amatchedwa matakisi. Ngakhale zili choncho, wantchito wamba wa mumzindamo amadzukabe kusanache, amakwera magalimoto awiri kapena atatu asanafike pantchito, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake limathera panjira. Gwero la vutoli ndi mtunda wolekanitsa kumene anthu amagona ndi kumene amagwira ntchito. Mtunda umenewu unachita kukonzedwa ndi malamulo, ndipo mbiri yonse ya zamaulendo mumzindawu ndi mkangano wosatha wofuna kudziwa kuti woyenera kuulipira ndani: wokwera, wolemba ntchito, mwini galimoto kapena boma.

Mzindawu unayamba mu 1886 golide atapezeka m'mitunda ya Witwatersrand, ndipo njanji yoyamba, imene inatsegulidwa mu 1890 pakati pa Boksburg ndi Johannesburg, inayalidwa makamaka kuti izibweretsa malasha oyendetsera makina a m'migodi, anthu n'kumangokwera nawo. Mathiramu okokedwa ndi akavalo anayamba kuyenda mu 1891, ndipo a magetsi analowa m'malo mwawo mu 1906, akuchokera pakati pa tauni kupita kumayadi oyandikana nayo kumene kunkakhala Azungu. Thiramu imayenerera mzinda wothithikana, wokhala ndi nyumba ndi masitolo m'mbali monse mwa njanji, chifukwa imaima pafupipafupi ndipo imadalira kuti pamene ena akutsika ena azikwera. Johannesburg anali mzinda wotero kwa okhala pafupi okha, ndipo iwowo atayamba kugula magalimoto awo n'kusamukira kumayadi akutali chakumpoto, thiramu inasowa oinyamula. Yomaliza inayenda mu 1961, mabasi a mawaya amene anayamba mu 1936 anatha mu 1986, ndipo zotsala zake zimasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale za maulendo ya James Hall.

Anthu akuda nkhani yawo inali ina. Mu 1904 mliri utabuka m'dera la anthu osauka pafupi ndi pakati pa tauni, akuluakulu a mzinda anawotcha nyumba za kumeneko n'kusamutsira anthu ku Klipspruit, kutali kumwera chakumadzulo, ndipo chimenechi chinakhala chitsanzo cha zonse zimene zinatsatira. Lamulo la 1923 linapatsa makhonsolo mphamvu zopatula malo okhala anthu akuda, lokeshoni ya Orlando inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, lamulo la 1950 linagawa malo onse a m'mizinda potengera mtundu wa anthu, ndipo kuyambira mu February 1955 anthu a ku Sophiatown, amene ankakhala makilomita ochepa kuchokera kuntchito zawo, anakwezedwa m'malole n'kukatulidwa ku Meadowlands. Malokeshoni onse a mbali imeneyo anapatsidwa dzina limodzi loti Soweto mu 1963. Boma la tsankho linkafuna manja a anthuwa masana koma silinkafuna kuwaona usiku, choncho linafunikira njanji ndi mabasi otchipa kuti m'mawa uliwonse azibweretsa khamu la anthu ndipo madzulo azilibweza. Sabuside wa zamaulendo, ndiye kuti ndalama zimene boma limawonjezera kuti mtengo wa tikiti ukhale wotsika kuposa zimene ulendowo wawononga, anayamba m'dziko la South Africa ngati mtengo wa tsankho, ndipo amene amamuona ngati chifundo cha boma amakhala asanaimvetse mbiri yake.

Umboni woonekeratu wa zimenezi ndi zimene zinachitika ku Alexandra. Lokeshoni imeneyi, imene inakhazikitsidwa mu 1912 ndipo inali imodzi mwa malo ochepa kumene munthu wakuda ankatha kugula puloti yakeyake, ili makilomita pafupifupi 15 kumpoto chakummawa kwa tauni ndipo inalibe njanji, kotero kuti basi ndiyo inali njira yokhayo yopitira kuntchito. Nthawi iliyonse imene eni mabasi ankayesa kukweza mtengo kuchoka pa makobiri 4 kufika pa 5, anthu ankanyanyala mabasiwo n'kumayenda pansi. Anatero kwa masiku 9 mu August 1943, pamene Nelson Mandela, akadali mnyamata, anayenda nawo pa chionetsero chachikulu. Anateronso kwa milungu 7 mu 1944. Ndipo kunyanyala kwakukulu kuposa konse kunayamba pa 7 January 1957, kampani ya Putco itakweza mtengo ndi kobiri limodzi lomwe lija. Kwa miyezi pafupifupi itatu anthu masauzande ambiri, kuphatikizapo amayi ochapa zovala atasenza mitolo yawo, ankatsata msewu wa Louis Botha kupita ku tauni m'bandakucha n'kubwereranso madzulo, ndipo kunyanyalako kunafalikira ku Sophiatown ndi kumalokeshoni a ku Pretoria. Apolisi ankaimitsa oyendawo n'kumawafunsa mapasi, ankaphwetsa matayala a njinga, ndipo Azungu amene ankawanyamula m'magalimoto awo ankawagwira kuti aphwanya malamulo a pamsewu. Kobiri limodzi limaoneka lochepa kwa wowerenga wa lero, koma kwa banja limene malipiro ake sankakwana ndi chakudya chomwe, kobiri la m'mawa ndi la madzulo, masiku 6 pa mlungu, linali kusiyana kwa kudya ndi kugona ndi njala. Mapeto ake bungwe la amalonda a mumzindamo linakonza makuponi obwezera kobiri lija kwa okwera, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza olemba ntchito kuti azipereka msonkho wothandizira maulendo a antchito awo. Anthu a ku Alexandra anapambana pa mfundo yoti woika anthu kutali ndiye alipire, koma kutaliko sikunasinthe.

Ndipotu m'zaka zotsatira kunawonjezereka mpaka kufika pa mlingo wovuta kuukhulupirira. Boma litakhazikitsa timaiko tabodza ta anthu akuda, anthu ambiri anakakhala ku KwaNdebele, kumpoto chakummawa kwa Pretoria, kumene kunalibe ntchito, ndipo mabasi a sabuside ankawanyamula tsiku ndi tsiku kudzera mu msewu wa Moloto. Wojambula zithunzi David Goldblatt anakwera nawo mabasiwo m'zaka za m'ma 1980, ndipo zithunzi zake, zimene zinatuluka m'buku mu 1989, zimaonetsa amuna ndi akazi okwera basi isanakwane 3 koloko usiku, atafunda mabulangete, mitu itatsamira pa mipando yakutsogolo, ena atagona chokhala pansi m'kanjira ka pakati. Anthuwo ankathera maola ambiri m'basi kuposa amene ankakhala maso m'nyumba zawo. Mabasi a pa msewu wa Moloto akuyendabe mpaka pano, ndipo msewuwo umadziwika ndi ngozi.

Sitima za ku Soweto, zodutsa m'masiteshoni ngati Naledi, Dube, Phefeni ndi New Canada popita ku Park Station, zinali ndi moyo wakewake umene mabuku a zachuma sautchula. Popeza anthu omwewo ankakumana m'bogi yomweyo pa ola lomwelo chaka chonse, mabogi anasanduka timidzi: ina inkadziwika kuti ndi ya otchova njuga, ina ya andale, ina ya opemphera. Santu Mofokeng anajambula mu 1986 zithunzi za mapemphero a m'sitima, pamene alaliki ankalalikira atagwira chitsulo kuti asagwe, anthu akuimba ndi kuwomba m'manja sitima ili pa liwiro, ndipo munthu angathe kuona mmenemo nzeru ya anthu amene analandidwa nthawi yopitira kutchalitchi n'kuganiza zotengera tchalitchicho kumene nthawi yawo inkathera. Komanso sitima zomwezo zinali malo oopsa, chifukwa munthu wothinitsidwa m'bogi yotseka alibe kothawira. Pakati pa 1990 ndi 1993, dziko likukambirana zothetsa tsankho, magulu a anthu okhala ndi mfuti ndi zikwanje ankalowa m'sitima n'kumapha okwera kapena kuwaponya kunja, ndipo bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu linapeza kuti anthu oposa 500 anafa mwanjira imeneyi. Ambiri amene anasiya sitima m'zaka zimenezo sanabwererenso, pakuti panali patabwera kale china chowanyamula.

Chinacho chinali takisi. Lamulo la zamtengatenga la 1977 linanena kuti basi ndi galimoto yonyamula anthu oposa 9 kuphatikizapo dalaivala, ndipo amalonda akuda, amene sankapatsidwa ziphaso za mabasi, anaona mpata pamenepo: anagula makombi n'kumanyamula anthu 8, mwalamulo, ngakhale kuti nthawi zambiri ankapitirirapo. Bungwe lawo loyamba la dziko lonse linapangidwa mu 1979, ndipo mu 1988 boma linamasula malondawa n'kuloleza maminibasi a mipando 16, ziphaso n'kumaperekedwa mwachisawawa. M'zaka zochepa chabe takisi inalanda okwera a basi ndi a sitima, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa: njanji imapita kumene okonza mapulani anaganiza kuti anthu ayenera kupita, basi ya sabuside imatsata njira ndi nthawi zolembedwa mu mgwirizano wake ndi boma, pamene takisi imapita kumene anthu ali. Msasa watsopano ukamera m'mphepete mwa mzinda, sipapita nthawi takisi isanafikeko, ngakhale msewu, madzi ndi magetsi zisanafike.

Mmalawi wozolowera maminibasi a ku Limbe kapena ku Lilongwe akakwera takisi ya ku Joni koyamba, chimene chimamudabwitsa n'chakuti mulibe kondakitala. Takisi ikangonyamuka, anthu a mzere uliwonse wa mipando amasonkhanitsa ndalama zawo, mmodzi n'kuzipereka kwa wa kutsogolo kwake akunena kuti ndi za anthu angati, ndipo zimadutsa dzanja ndi dzanja mpaka kukafika kwa wokwera amene wakhala pambali pa dalaivala. Ameneyu, kaya akufuna kaya sakufuna, ndiye amawerenga ndalama zonse n'kubweza chenje cha mzere uliwonse kudzera m'manja omwe aja, ndipo n'chifukwa chake anthu osadzidalira pa masamu amaupewa mpando umenewo. Ndalama zikapanda kukwana, dalaivala angathe kuimika galimoto mpaka wosalipirayo atapezeka. Oitanira a m'njira kulibenso, chifukwa woyembekezera pamsewu ndiye amauza dalaivala kumene akupita pogwiritsa ntchito dzanja: chala cholozera kumwamba chimatanthauza kuti akupita ku tauni, cholozera pansi chimatanthauza kuti atsika m'dera lomwelo, dzanja lokhala ngati lafumbata lalanje ndi la ku Orange Farm, ndipo manja awiri opanga chilembo cha T ndi a ku Tembisa. Zizindikiro zimenezi sizinalembedwe ndi ofesi iliyonse, koma zinakhazikika moti mu 2010 positi ofesi ya dzikolo inazisindikiza pa masitampa potengera ntchito ya wojambula Susan Woolf. M'malo oimikapo akuluakulu monga Bree, Noord ndi Baragwanath muli anthu okonza mizere amene amadziwa takisi yoyenera kulowa, ndipo dongosolo lake, ngakhale limaoneka ngati chipwirikiti kwa mlendo, n'lokhwima kuposa la maofesi ambiri.

Komabe kutamanda takisi mopitirira muyeso, monga amachitira ena amene sanaikwerepo, n'kuiwala mmene imapezera phindu lake. Takisi siilandira sabuside wa maulendo a tsiku ndi tsiku. Thandizo lalikulu limene boma linapereka ndi pulogalamu imene inayamba mu 2006 yolipira eni ake kuti aphwanye magalimoto akale n'kugula atsopano, makamaka a mtundu wa Toyota Quantum, nthawi zambiri pa ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Choncho mtunda wonse umalipidwa ndi wokwera ndi dalaivala. Madalaivala ambiri amayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama yodziwika pa tsiku kapena pa mlungu, yotsalayo ndiyo n'kukhala yawo, ndipo liwiro, kudumpha maloboti, kuima paliponse ndi kugwira ntchito kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka usiku zimachokera mu mgwirizano umenewu kuposa mu khalidwe la munthuyo. Njira zimene takisi zimayendamo zili m'manja mwa mabungwe a eni ake, ndipo popeza njira yokhala ndi okwera ambiri ndi chuma chenicheni, mikangano yolimbirana njira yakhala ikuthera m'kuwomberana kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ngakhale zili tero, kafukufuku wa boma wa maulendo a m'mabanja anapeza kuti mu 2013 antchito pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse okwera zoyendera za anthu onse m'dzikomo ankakwera takisi, ndipo pofika mu 2020 anali pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, pamene okwera sitima anatsika kuchoka pa 13 kufika pa 3 mwa anthu 100 aliwonse.

Kutsika kumeneku ndi nkhani ya kugwa kwa Metrorail, sitima zotchipa za m'mizinda zimene kuyambira mu 2009 zili pansi pa bungwe la boma la PRASA. M'chaka cha 2008 mpaka 2009 sitimazi zinayendetsa maulendo a anthu oposa 600 miliyoni m'dziko lonse, koma pofika 2021 mpaka 2022 maulendowo sanakwane 20 miliyoni. Zifukwa zake zinaunjikana pang'onopang'ono: mabogi ndi zipangizo zowongolera sitima zinakalamba osasinthidwa, katangale analowa m'makontilakiti, monga linaonetsera lipoti la 2015 la Thuli Madonsela, amene anali mkulu wofufuza madandaulo a anthu, ndipo mitu ya sitima ina yogulidwa ku Spain inapezeka kuti ndi yaitali msinkhu kuposa mlingo wa njanji zambiri za dzikolo. Kumapeto kwa 2019 makontilakiti a alonda anathetsedwa popanda kuikapo ena okwanira, ndiye mu March 2020 sitima zitaima chifukwa cha mliri wa Covid-19, akuba anadula mawaya a mkuwa, anazula zitsulo, anachotsa madenga, zitseko ndi mazenera a masiteshoni, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Masiteshoni ena anatsala makoma okha. Kuyambira mu 2022 njira zina zinayamba kutsegulidwanso, kuphatikizapo ya ku Naledi, ndipo mukuyenda sitima zatsopano zabuluu zopangidwa ku fakitale ya Gibela pafupi ndi Nigel, koma m'zaka zimene njanji inali chete, munthu wosauka kwambiri, amene sitima inali njira yokhayo yogwirizana ndi thumba lake, analipira mtengo wa takisi wowirikiza kangapo, ndipo ena anangosiya kufunafuna ntchito chifukwa ngakhale kukafunsira ntchitoko kumafuna ndalama yokwerera.

Pa nthawi yomwe Metrorail inkafooka, chigawo cha Gauteng chinamanga sitima ina yosiyana nayo m'zonse. Gautrain, imene nduna yaikulu ya chigawocho Mbhazima Shilowa inalengeza mu 2000, ili ndi njanji ya makilomita 80 ndi masiteshoni 10, imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, ndipo inawononga ndalama zoposa R25 biliyoni. Gawo loyamba, lochokera ku Sandton kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo, linatsegulidwa pa 8 June 2010, patatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa padziko lonse uyambe, la ku Pretoria linatsatira mu 2011, ndipo la ku Park Station mu 2012. Imasunga nthawi, ndi yaukhondo, mkati mwake saloleza ngakhale kudya, ndipo palibe chifukwa chokanira kuti ndi ntchito yaluso. Koma mpata wa pakati pa zitsulo za njanji yake ndi mamilimita 1,435, pamene pafupifupi njanji zina zonse za dzikolo, monganso za ku Malawi, zili ndi mpata wa mamilimita 1,067, kotero kuti sitima za mbali imodzi sizingayende pa njanji ya inzake. Kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zomveka za liwiro, koma kumagwirizananso ndi cholinga cha sitimayo, chimene chinali kukopa eni magalimoto kuti achoke mu msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Mu mgwirizano wake ndi kampani ya Bombela, boma la chigawo linalonjeza kuti lizikwaniritsa ndalama zoperewera okwera akachepa, ndipo kwa zaka zambiri linkapereka ndalama zoposa R1 biliyoni pa chaka. Siteshoni ya Marlboro ili m'mphepete mwenimweni mwa Alexandra, koma ambiri mwa anthu a m'lokeshonimo amene amagwira ntchito ku Sandton amakwera takisi kapena kuyenda pansi kudutsa pa mlatho wa pamwamba pa msewu wa M1.

Mabasi a Rea Vaya ndiwo anali yankho la khonsolo kwa anthu a m'malokeshoni. Nzeru yake inatengedwa ku Curitiba m'dziko la Brazil ndi ku Bogotá m'dziko la Colombia, ndipo ndi yakuti basi ipatsidwe zabwino zonse za sitima popanda kuyala njanji: ikhale ndi kanjira kakekake pakati pa msewu kamene magalimoto ena saloledwa kulowamo, siteshoni ikhale yokwera kufanana ndi pansi pa basi kuti anthu azingolowa osakwera masitepe, ndipo okwera azilipiriratu pa khomo la siteshoni kuti basi isataye nthawi. Mabasi oyamba anayenda pa 30 August 2009 kuchokera ku Thokoza Park ku Soweto kupita ku Ellis Park, pa nthawi ya meya Amos Masondo, ndipo m'mlungu woyamba womwewo basi ina inawomberedwa, chifukwa ena mwa eni matakisi anaona kuti akulandidwa chakudya pakamwa. Khonsolo inachita chinthu chanzeru pokambirana nawo kwa nthawi yaitali mpaka eni matakisi oposa 300 anavomera kupereka magalimoto awo 585 n'kulandira masheya mu kampani ya PioTrans, imene inayamba kuyendetsa mabasiwo mu 2011. Njira yachiwiri, yodutsa pa mayunivesite a Johannesburg ndi Witwatersrand, inatsegulidwa mu 2013. Yachitatu, yotsata msewu wa Louis Botha kupita ku Alexandra ndi ku Sandton, inachedwa zaka zambiri kupitirira nthawi imene inalonjezedwa, masiteshoni omangidwa kale akungokhala pululu.

Chimene Rea Vaya inaphunzitsa okonza mizinda n'chofunika kuposa mabasi enieniwo. Ku Bogotá anthu ndi othithikana, maulendo ndi aafupi, ndipo mpando umodzi umagulitsidwa kangapo basi isanafike kumapeto kwa njira, chifukwa wina akatsika wina amakwera, mbali zonse ziwiri, tsiku lonse. Ku Johannesburg basi imadzaza ku Soweto m'mawa, imadutsa makilomita ambiri pakati pa milu ya mchenga wa m'migodi ndi malo opanda nyumba amene boma la tsankho linasiya dala kuti akhale malire, imatula anthu onse ku tauni, kenaka imabwerera yopanda anthu kukatenga ena. Mpando umagulitsidwa kamodzi kokha pa ulendo wautali, mabasi ambiri amafunika kwa maola awiri m'mawa ndi awiri madzulo n'kukhala osagwira ntchito masana, ndipo ndalama za matikiti zimangokwaniritsa gawo lochepa la zimene mabasiwo amawononga. Vuto lomweli ndilo linkavutitsa Putco mu 1957, ndilo limavutitsa sitima, ndipo takisi imalizemba pokhapokha podikira kuti idzaze isananyamuke ndiponso pomupanikiza dalaivala. Kusintha mtundu wa galimoto kumasintha amene akusenza mtolowo, koma kulemera kwake kumakhala komwe kuja.

Amalawi akhala mbali ya nkhani imeneyi kuyambira kale, ngakhale kuti poyamba mtunda wawo unali wa mtundu wina. Amuna amene ankalembedwa ndi bungwe lolemba antchito a m'migodi la Wenela, amene anali oposa 100,000 m'migodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ankagona m'makomboni a pamgodi pomwepo ndipo sankafunika basi yopitira kuntchito, chifukwa eni migodi anathetsa vuto la ulendo wa tsiku ndi tsiku pomulekanitsa munthu ndi banja lake kwa chaka kapena zaka ziwiri. Ulendo wawo waukulu unali wa sitima ndi ndege, mpaka pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi 74, Dr. Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu kwa kanthawi. Amalawi a masiku ano amafika pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kutsikira cha ku Park Station, ndipo ambiri amapeza ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa, za m'masitolo ndi zomangamanga m'mayadi a kumpoto, kumene misewu inakonzedwera eni magalimoto. Wopeza kanyumba kakuseri kwa bwana amapulumuka ku mtengo wa takisi koma amakhala pantchito usana ndi usiku, pamene wochita lendi ku Diepsloot, kumene kulibe njanji, amakwera takisi imodzi kapena ziwiri n'kumaliza ndi ulendo wapansi kuchokera pamsewu waukulu kukafika pa geti. Ndalama imene imatumizidwa kumudzi pakutha pa mwezi ndi imene yatsala takisi itatenga gawo lake.

Chimene chimawonjezera mtolowo n'chakuti zoyendera zonsezi sizinamangidwe kuti zizithandizana. Metrorail ili pansi pa boma lalikulu, Gautrain ndi mabasi a makontilakiti zili pansi pa chigawo, Rea Vaya ndi mabasi a Metrobus zili pansi pa khonsolo, matakisi ali pansi pa mabungwe awo, ndipo kwa zaka zambiri chilichonse chakhala ndi tikiti kapena khadi lakelake, kotero kuti wosintha galimoto amalipira mwatsopano. Tikiti imodzi yokwerera zonse yakhala ikulonjezedwa kawirikawiri, ndipo ingathandizedi, koma ngakhale itabwera siingafupikitse msewu. Boma la demokalase litayamba mu 1994 linamanga nyumba zambirimbiri zaulere, chinthu choyenera kuyamikiridwa, koma linazimanga kumene malo anali otchipa, ndiye kuti kunja kwa malokeshoni akale, moti madera monga Orange Farm, makilomita oposa 40 kuchokera pakati pa tauni, anakula kwambiri tsankho litatha kale. Meya Parks Tau anayesa kutembenuza zimenezi mu 2013 ndi pulani yomanga nyumba zosanja, masukulu ndi zipatala m'mbali mwa njira za Rea Vaya, kuti mabasi apeze okwera ndi otsika panjira ndiponso kuti anthu asendere pafupi ndi ntchito. Mu 2019 khonsolo inakhazikitsanso lamulo lakuti aliyense womanga nyumba 20 kapena kuposerapo pamalo amodzi apatule 30 mwa nyumba 100 zilizonse kuti zikhale za anthu opeza zochepa. Lamuloli limakhudza nyumba zatsopano zokha, ndipo omanga ambiri amasankha njira imene lamulolo limaloleza yongomanga timanyumba tating'ono popanda malire a mtengo wa lendi, kotero kuti mabanja amene asendera pafupi mwanjira imeneyi ndi ochepa poyerekeza ndi amene akufikabe chaka ndi chaka ku Diepsloot, ku Ivory Park ndi ku Orange Farm.